Mawu Akuti Wailesi pa Mndandanda wa Lorenso

Zinayamba m'chaka cha 2013, nyengo yotentha, mvula isanagwe. Lolemba pa 21 Okutobala galimoto ya bungwe lina lothandiza anthu inaima pa laibulale yathu ya m'mudzi, m'dera la Malemia, kufupi ndi boma la Nsanje, n'kutsitsa makompyuta asanu ndi imodzi. Anali makompyuta akale a mu ofesi, mabokosi akuda olemera, oti paokha sangagwire intaneti. Mayi amene anabwera nawo anauza komiti kuti ilembe m'Chingerezi zipangizo zonse zofunika kuti makompyutawo alumikizidwe. Anachenjeza kuti bungwe lidzagula kamodzi kokha, ndipo chomwe tidzasiye pa mndandanda sitidzachionanso. Ine ndinali mlembi wa komitiyo, nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Masiku onse omwe nditchule pano ali m'buku la mfundo za misonkhano kapena m'kabuku kanga.

Panali munthu mmodzi yekha m'dera lathu woti akanalemba mndandandawo, Lorenso Alufandika. Anabadwa pa 3 Malichi 1979. Bambo ake anali msodzi wochokera tsidya lina la Shire, ku Mozambiki, ndipo mayi ake anali a kuno. Ndinamuphunzitsa Sitandade 5 mu 1990. Anali mwana wosalankhula kwambiri, wa manja osakhazikika, amene anamasula wotchi ya m'kalasi n'kuibwezera ikuyenda bwino kuposa kale. Sukulu anailekezera Folomu 2 mu 1996 bambo ake atamwalira. Kukonza mawailesi anaphunzira kwa a Augustino, othawa nkhondo omwe anatsalira kuno anzawo atabwerera kwawo. Mu 2005 anapita ku Limbe, komwe anagwira ntchito zaka zisanu mu shopu yokonza makompyuta. Anabwerera mu 2010 chifukwa mayi ake anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo panalibe wina wowasamala. Anakwatira Otilia, anabereka ana aakazi awiri, n'kukhoma benchi yake pamsika pansi pa mtengo wa nimu.

Wokonza mawailesi amadya chifukwa cha dzina lake. Munthu amasiya wailesi m'mawa n'kupita kudimba, za m'kati mwake sazidziwa. Akangokayikira kuti wokonzayo amachotsamo zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha, sabweranso, ndipo amauza anzake. Kwa zaka zitatu benchi ya Lorenso inkadzaza, mpaka mawailesi ena ankagona pansi pa benchiyo kudikira.

Mndandandawo sanaulembe tsiku limodzi. Kwa milungu iwiri ankatseka ntchito masana n'kumazungulira laibulale foni ili m'manja, akuyang'ana timizere ta netiweki n'kumalemba m'kope. Anakwera pa denga, anakwera mu mtengo, anaima pa chulu cha kuseri. Anthu opita kumjigo ankamufunsa ngati wataya mbuzi kumwamba.

Komiti inakumana Loweruka pa 16 Novembala. Wapampando wathu anali a Elisha Sandalamu, omwe anagwirapo ukalaliki ku esiteti ya nzimbe zaka zambiri, munthu wonyadira kuti palibe pepala lomwe linawapusitsapo. Anawerenga mndandanda mokweza. Panali dongulo, kachipangizo koikamo simukhadi kuti kakoke intaneti. Panali rauta, kabokosi kogawira intanetiyo ku makompyuta onse. Panali chotetezera magetsi akamabwera mwamphamvu, batire, fani, ndi matabwa a mashelefu. Atafika pa mzere wachinayi anaima, n'kuvula magalasi.

"A Alufandika, ntchito yanu ya pamsika ija n'chiyani?"

"Ndimakonza mawailesi, a wapampando."

"Nanga apa mwalemba kuti wailesi adaputa, zisanu ndi imodzi. Kodi atipatsa makompyuta kapena mawailesi?"

Lorenso anafotokoza kuti si wailesi yomvera nkhani ayi, koma kachipangizo kobayika kumbuyo kwa kompyuta kuti izilandira intaneti kuchokera ku rauta popanda waya. Mmodzi wa akuluakulu anafunsa ngati intanetiyo idzayenda yokha m'chipindamo ngati udzudzu, ndipo anthu anaseka. A Sandalamu sanaseke. Anati iwo sakufuna kukangana ndi munthu wa Folomu 2 pa nkhani ya Chingerezi pomwe aphunzitsi alipo, n'kutembenukira kwa ine.

M'kabati ya laibulale munali dikishonale yanga ya ku koleji, yosindikizidwa mu 1964, yomwe ndinaipereka ndekha. Ndinaitsegula, ndinapeza mawu a Chingerezi aja akuti wireless, ndipo ndinawerenga momveka bwino monga ndinkawerengera ana zaka makumi atatu ndi zinayi. Tanthauzo linali lomwe tonse tinkalidziwa kuyambira tili ana: wailesi, yomvera nkhani ndi nyimbo. Lorenso anandiyang'ana. Sakanatsutsa mphunzitsi wake pagulu.

Mfundo ya tsikulo inalembedwa ndi dzanja langa: komiti yapeza kuti a Alufandika anaika pa mndandanda zipangizo za mawailesi zomwe si za makompyuta. Mzere wachinayi unafufutidwa, m'malo mwake analembapo mawaya, popeza waya ndi chinthu choti munthu amachiona ndi maso. Mashelefu anachotsedwanso, chifukwa a Sandalamu anati ku esiteti makompyuta amakhala pa tebulo. Pa dongulo Lorenso anali atalemba mtundu wake mwatsatanetsatane, koma komiti inati munthu wogwidwa pa mzere umodzi sangakhulupiridwe pa mzere wina, ndiye bungwe lisankhe lokha. Mndandanda unatumizidwa pa 25 Novembala.

Pofika Lolemba lotsatira msonkhanowo, msika wonse unali utamva kuti Lorenso anafuna kudzaza benchi yake ndi katundu wa laibulale. Amayi ogulitsa nsomba anamutcha Bambo Adaputa. Ankamukuwira kuti, a Adaputa, wailesi yangayo musaichotse mtima. Poyamba zinali nthabwala, koma anthu anayamba kubwera kudzatenga mawailesi awo asanakonzedwe, ndipo ena ankaima pomwepo kuyang'anitsitsa manja ake mpaka amalize.

Ine ndinadziwa kulakwa kwanga pa 26 Disembala. Mwana wanga wamkazi wogwira ntchito ku Zomba anabwera kudzadya Khirisimasi, ndipo ndikumufotokozera nkhaniyo anasiya kapu ya tiyi pakati. Anandiuza kuti mawu amenewo m'Chingerezi amangotanthauza chinthu chopanda waya, ndipo masiku ano munthu wa makompyuta akawatchula saganiza n'komwe za wailesi. Anatulutsa m'chikwama kachipangizo kakang'ono ngati chala n'kundionetsa. Mawu aja anali atalembedwa pamenepo.

Pa 2 Januwale 2014 ndinapita pa benchi ya Lorenso. Panali wailesi imodzi yokha. Ndinamutchula kuti bambo a Lily, dzina la mwana wake, monga timaitanira munthu wamkulu, ndipo ndinapepesa. Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pa chidebe.

"Ndinakuuzani, aphunzitsi, koma buku linali lalikulu kuposa ine," anatero.

Kenako anatulutsa kope lija n'kundifotokozera zomwe sitinamupatse mpata wofotokoza. Pansi pa malata a laibulale netiweki inkafika kamzere kamodzi, ndiye anasankha dongulo yoti ikhoza kukhala panja pamwamba pa nsungwi, yolumikizidwa ndi chingwe chachitali. Netiweki ya tsidya lina la Shire inkafika mwamphamvu kuposa yathu, ndiye anafuna dongulo yoti ungaiuze kuti igwire ya kuno yokha. Ma adaputa anasankha a eriyo yochita kumangirira, osati tating'ono ngati chikhadabo, chifukwa tating'onoto timatentha n'kuzima kukafika Okutobala wa kwathu kuno. Anasankha obayika kunja kwa kompyuta, osati oika m'kati, kuti imodzi ikapsa munthu angoizula osatsegula bokosi n'kulowetsamo fumbi ndi nyerere. Ndipo chifukwa chachikulu chokanira mawaya chinali madzi. Anandikumbutsa kuti pa khoma la laibulale pali mzere wa matope wofika m'chiuno, womwe laimu sanathe kuubisa. Kompyuta yopanda waya ukhoza kuikweza pa shelefu yofika pachifuwa, paliponse m'chipinda. Ya waya imakhala pomwe waya wathera.

Sanapemphe kuti ma adaputa agulidwe, popeza ankadziwa kuti mndandanda unapita kale. Anapempha chinthu chimodzi: kuti komiti ifufute mfundo ija, ndipo kufufutako kulengezedwe pagulu monga momwe mlanduwo unafalikira.

Ndinaika pempholi pa msonkhano wa pa 11 Januwale. A Sandalamu anati mfundozo zinavomerezedwa kale pa 14 Disembala, ine ndemwe ndikuwerenga, ndipo mfundo zovomerezedwa sizisinthidwa. Anawonjezera kuti komiti ikayamba kubweza mawu ake, bungwe lidzationa ngati anthu osadziwa chochita. Ena onse anayang'ana pansi. Ndinalemba kuti nkhaniyi idzakambidwa nthawi ina.

Katundu anafika Lachiwiri pa 11 Febuluwale. Mawaya anali a mamita awiri uliwonse, ndiye makompyuta onse anaunjikana pa tebulo limodzi lalifupi kuzungulira rauta, pafupi ndi soketi ya pansi. Wolumikiza anali Lorenso yemweyo, chifukwa panalibe wina. Anagwira ntchitoyo membala wa komiti atakhala pambali kumuyang'anira, ndipo kiyi wa laibulale sanamupatse. Kiyiyo ankasunga a Sandalamu.

Dongulo yomwe bungwe linasankha inali yaing'ono, yabwino kwa munthu wa m'tauni. Kwathu inkagwira m'mamawa mokha, ndipo dzuwa likakwera inkalumphira tsidya lina n'kumalandira mauthenga a Chipwitikizi. Anthu anati Lorenso wailozetsa kwa abale a bambo ake. Nthabwala imeneyo inamupweteka kuposa zonse, chifukwa anabadwira kuno ndipo tsidya linalo anali asanagoneko ngakhale tsiku limodzi.

Mu Julayi makoswe anadula waya wa kompyuta imodzi, ndipo inakhala yongofunditsidwa nsalu. Lorenso analembera mnzake wa ku Limbe, yemwe anamutumizira pa minibasi dongulo yakale ya mtundu womwe ankafuna ndi adaputa imodzi ya eriyo. Komiti inamulola kuyesa, bola chikaonongeka chinthu mlandu ukhale wake. Anaika donguloyo m'botolo la pulasitiki kuti isanyowe, n'kuimangirira pamwamba pa nsungwi kuseri kwa laibulale. Kumbuyo kwake anamangirira sefa ya ufa ya Otilia, msana wake utaloza ku Shire, kuti itchinge netiweki ya tsidya lina. Kompyuta yodulidwa wayayo anaikweza pa shelefu yomwe anakhoma ndi matabwa ake ku khoma la kutali, n'kuibaya adaputa.

Loweruka pa 9 Ogasiti 2014, pamaso pa komiti yonse, kompyutayo inatsegula intaneti popanda waya uliwonse wopita ku rauta, ndipo asanu enawo anayamba kugwira tsiku lonse. Ndinauza a Sandalamu kuti umboni ndi umenewo, kachipangizoko ndi komwe kanali pa mzere wachinayi. Iwo anawerama, anakayang'anitsitsa, anawerenga mawu olembedwapo.

"Ndiye kuti anali nazo kale," anatero. "Nanga zathu ankazifuniranji?"

Miyezi isanu yotsatira laibulale inkadzaza. Ana a sekondale ankafufuza za mayeso, alimi a thonje ankafunsa za mankhwala a mbozi, amayi ankalankhula ndi ana awo a ku Joni. Ambiri ankathamangira kompyuta ya pa shelefu chifukwa kumeneko kunali kosapanikizana. Koma pamsika dzina la Adaputa silinachoke. Anthu omwewo ankachoka mu laibulale n'kudutsa benchi yake wailesi ili m'khwapa, akupita nayo kwa wokonza wina pa boma.

Mvula ya mu Januwale 2015 aliyense wa m'chigwa chino akuikumbukira. Kwathu madzi analowa m'mudzi Lolemba pa 12, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Lorenso anabereka mayi ake kumsana mpaka kumtunda komwe tonse tinathawira, anasiya Otilia ndi ana pamenepo, n'kubwerera ku laibulale ndi chikwama chake cha zida. A Sandalamu anali atanyamuka kale ndi banja lawo njira ina, kiyi ali m'thumba. Zimenezo sindiwaimba nazo mlandu, tsikulo aliyense ankapulumutsa ake.

Lorenso anafika pa chitseko madzi ali m'mawondo. Pa chitsekocho panali loko wamng'ono woti akanamuthyola ndi hamala kamodzi kokha, ndipo hamalayo inali m'chikwama. Kunyamula makompyuta asanu kuwakweza pamwamba pa kabati ikanakhala ntchito ya mphindi khumi. Mwini bwato wina amene ankadutsa anamukuwira kuti athyole. Sanathyole. Anaima pa windo akuonerera madzi akukwera miyendo ya tebulo, akufika pa rauta, akulowa m'mabokosi akuda aja. Anachoka madzi atamufika m'chiuno.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamupeza atakhala pa mwala, zovala zikudontha, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake.

"Nkhabe, sindikanathyola, aphunzitsi. M'buku lanu ndine wakuba kale. Wakuba akathyola loko madzi ali chonchi, kenako chinthu chimodzi n'kusowa, mudzalemba chiyani?"

Ndinakhala pansi pambali pake pamwalapo. 

Makompyuta asanu anafa, pamodzi ndi rauta ndi batire. Ya pa shelefu madzi anaiphonya ndi chikhato chimodzi. Komiti inakumana pa 14 Febuluwale pansi pa mtengo, chifukwa m'laibulale munali matope. A Sandalamu anafunsa kuti munthu wa manja ngati Lorenso angalephere bwanji kaloko kakang'ono, ndiponso zinatheka bwanji kuti ipulumuke yokhayo yomwe inali ndi chipangizo chake. Kompyutayo inatengedwa kukasungidwa kunyumba kwa wapampando. Lorenso atapempha adaputa yake, anamuyankha kuti chilichonse chopezeka pa kompyuta ya laibulale ndi katundu wa komiti. Ine ndinaikanso pempho lofufuta mfundo ya pa 16 Novembala 2013. A Sandalamu anati nthawi ino ndi ya mavuto aakulu, nkhani ya mawu idikire. Ndinasiya ulembi tsiku lomwelo, koma kusiya kwanga sikunafufute chilembo ngakhale chimodzi.

Madzi aja ananyowetsa mawailesi a m'midzi yonse. Ikanakhala nyengo yoti Lorenso asowe nthawi yodya. Pa benchi yake panafika mawailesi anayi m'miyezi itatu, ndipo imodzi inali yanga, yomwe sinali yoonongeka kwenikweni. Anaizindikira, anaipukuta fumbi, n'kundibwezera. Ine ndinkauza aliyense amene ndinakumana naye, kutchalitchi, kumjigo, pa maliro, kuti mawu aja ndinawamasulira molakwika. Ankandimvera mwaulemu n'kunena kuti aphunzitsi ali ndi mtima wabwino, akuteteza mwana wawo wa sukulu.

Lorenso anayesa kukonza mafoni, koma munthu wosakhulupirira kusiya wailesi sangasiye foni. Anayesa kulima, ndipo munda unali utakwiririka ndi mchenga. Otilia anayamba kuphika zitumbuwa, sefa yochita kubwereka, chifukwa yake inapita ndi madzi pamodzi ndi nsungwi. Mnzake wa ku Limbe uja anali atasamukira ku Tete, ku Mozambiki, ndipo anamulembera kawiri kuti kumeneko makampani akusowa anthu odziwa kulumikiza makompyuta. Lorenso anakana maulendo onse awiri. Ankati sangasiye mayi ake, ndiponso sakufuna kuchoka dzina lili choncho, chifukwa anthu adzati wathawa.

Mayi ake anamwalira Lachinayi pa 19 Novembala 2015. Lorenso anadikirabe mpaka msonkhano waukulu wa pachaka wa laibulale, womwe unayenera kuchitika pa 26 Malichi 2016, pomwe mfundo zimawerengedwa pamaso pa anthu onse. Anandipempha kuti ndikaimirire ngati munthu wamba n'kunena zomwe ndikudziwa, ndipo ndinalemba mawu anga tsamba limodzi. Msonkhanowo sunachitike. Laibulale yopanda makompyuta inalibe woifunanso, ndipo pa anthu onse tinabwera anayi: ine, Lorenso, Otilia, ndi mlonda.

Tsamba lija ndinalikopera bwino, ndinasayina, ndipo ndinapita nalo pa siteji m'mawa womwe Lorenso ankanyamuka kupita kwa mnzake ku Tete. Otilia ndi ana anali oti adzamutsatira akapeza nyumba. Analandira tsambalo ndi manja awiri, analiwerenga lonse ataimirira, mpaka tsiku lomwe ndinalemba pansi.

"Takhuta, zikomo kwambiri, aphunzitsi. Koma kumene ndikupita kulibe amene anamva zoti ndinaba. Ili ndi la anthu a kuno."

Analipinda n'kundibwezera. Lili m'kabuku kanga. Mfundo ija ikadali m'buku la komiti monga ndinailembera, ndipo kompyuta ija, momwe ndikudziwira, ikadali yofunditsidwa nsalu, adaputa ili kumbuyo kwake. Lorenso Alufandika anakwera minibasi ya ku Marka ndi chikwama chake cha zida, kulowera ku Mozambiki, Lachiwiri pa 5 Epulo 2016.